Timawu tating'ono ta Chizungu ndi tomwe timagwetsa anthu

Ife kuno Chizungu timachikonda chikakhala chachitali. Munthu akaimirira pa ukwati ku Comesa Hall kaya pa msonkhano wa makolo kusukulu nkuyamba kuponya ma "notwithstanding" ndi ma "aforementioned" anthu amagwedeza mitu nkumati eeh bambo awa sukulu anapita, olo theka la holo silinatolepo kanthu. Kusekondale tinkaloweza dala mawu aataliatali oti tikawathire mu kompozishoni ya MSCE kuti ochonga aone kuti pano pali munthu. Koma mawu aatali ndi ofatsa abale. Ali ndi tanthauzo limodzi, ukaligwira wathana nawo, "photosynthesis" wa ku fomu 1 ndi yemweyo mpaka udzakalambe sasintha. Tovuta ndi timawu ta zilembo ziwiri, zitatu, zinayi, tomwe aliyense amaona ngati anatimaliza ali sitandade 3.

Tengani "set". Dikishonale yaikulu ija ya Oxford, yomwe inatuluka kachiwiri mu 1989 ili mabuku 20, inalemba matanthauzo 430 a "set" ngati mneni pokha. Kwa nthawi yaitali ndi iye anali katswiri, mpaka pomwe akonzi ake anabwerezanso ntchito pa "run" nkupeza matanthauzo 645, zimenezo zinalengezedwa mu 2011. Zilembo zitatu zokha. Nde taganizani, kusukulu anatiuza kuti "run" ndi kuthamanga basi. Koma munthu amapanga "run" golosale yake ku Chirimba ali chikhalire pampando, mphuno imapanga "run" ukadwala chimfine, mpopi ukatseguka madzi ali "running", injini ikalira ndi "run" yemweyo, wofuna u MP naye akuti akupanga "run", shuga akatha mnyumba mwapanga "run out". Palibe amene wathamanga pa onsewa kupatula mwina wa u MP uja.

"Get" ndiye osanena. Kulandira, kugula, kufika, kumvetsa, kudwala, kusanduka, zonse ndi iyeyo, ukamuphatikiza ndi kamnzake ngati "up", "on", "over", "by", "off" amabala ana ena osafanana naye nkomwe. Ine ndimaona kuti apa mpomwe pamasiyanira munthu amene Chizungu anachiphunzira m'buku ndi amene anakula nacho. Wa m'buku amanena "tolerate", winayo amangoti "put up with", timawu titatu toti palokhapalokha mwana wa ku nazale amatidziwa koma tikakhala pamodzi sungatulukire tanthauzo lake olo utaganiza tsiku lonse.

Ndiye pali nkhani ya in, on ndi at. Ife tili ndi pa, ku ndi mu ndipo zathu nzolongosoka bwinobwino, pamsika, kumsika, mumsika, aliyense akudziwa kusiyana kwake popanda kumuphunzitsa. Aphunzitsi pofuna kutithandiza amati mu ndi "in", pa ndi "on", ku ndi "at" kapena "to", ndipo zimayenda ndithu mpaka tsiku lomwe udzakwere minibasi ya ku Limbe nkuuzidwa kuti pa Chizungu uli "on the bus", ngati wakhala padenga limodzi ndi matumba a makala. Ukatsika nkukwera takisi uli "in the car". Mmawa ndi "in the morning", usiku ndi "at night", Lolemba ndi "on Monday". Ukafika "on time" wafika pa nthawi yomwe munapangana, ukafika "in time" wafika zinthu zisanaonongeke. Lamulo lenileni loti ungaligwire palibe, kumangoloweza basi, ndipo eni akewo ukawafunsa chifukwa chake amangoti ndi mmene timanenera.

Za "a" ndi "the" sinditaya nthawi, Chichewa chilibe zimenezo ndipo sitinafepo nazo, ngakhale "the" ndiye liwu lomwe limapezeka kwambiri kuposa lina lililonse m'Chizungu cholembedwa. "He" ndi "she" chimodzimodzi, kwathu iye ndi iye kaya mwamuna kaya mkazi, nchifukwa chake olo munthu wa madigiri akatopa amatha kunena "he" akukamba za mayi ake.

Koma "yes" ndi "no" ndiime kaye chifukwa apa pamalakwika zenizeni. Mwana wa ku Ndirande ukamufunsa kuti sunadye? amayankha kuti eya, kutanthauza kuti zoona, sindinadye. Akuvomereza zomwe wanenazo. Mzungu akafunsa funso lomwelo m'chilankhulo chake amayembekezera "no" ngati sunadye, chifukwa iye "no" wake amatsatira nkhaniyo osati funsolo. Nde ukayankha "yes" iye amamva kuti unadya, mbale nkuchotsa. Pa nkhani ya nsima nzoseketsa koma taganizani funso lomwelo lili ku khoti, kaya pa intavyu, kaya dokotala wachilendo akufunsa kuti simunamwe mankhwala ena alionse? Munthu wanena zoona zokhazokha koma zalembedwa zosemphana. Ine ndimauza ana a kunyumba kuti funso likabwera ndi "not" mkati asamayankhe ndi liwu limodzi, azimaliza chiganizo chonse.

China chomwe ambiri sadziwa nchoti Chizungu chinali ndi iwe ndi inu ngati ife tomwe. "Thou" anali wa munthu mmodzi, ndipo pakamwa pa anthu anali wa mnzako, mwana, kaya wantchito, iwe weniweni. "You" anali wa anthu ambiri komanso waulemu. Mkupita kwa nthawi anthu anayamba kuopa kuti ukamunena munthu "thou" akhumudwa, aliyense nkumangoti "you", mpaka iwe uja anafa. Ndekuti lero mzungu akamakalipira galu wake akumuti inu. Choseketsa nchoti "thou" anatsalira mu Baibulo la King James la 1611 ndi mu nyimbo zakale za kutchalitchi, nde ife tikamva mkulu wa mpingo akupemphera ndi ma "thou" ndi ma "thee" timaona ngati ndi ulemu wapamwamba zedi pomwe kumene anachokera kanali kaliwu ka pakhomo.

Mukamayenda ku Namiwawa, Nyambadwe kaya ku Sunnyside mumaona zikwangwani pa mageti zolembedwa TO LET, ndipo palibe mwana wa mu Blantyre muno amene sanaganizepo kuti olembawo anaiwala i pakati kkkk. "Let" ameneyo ndi kubwereketsa nyumba pa lendi. "Let" wina ndi uja tonse timamudziwa, kulola. Koma pali wachitatu wakalekale yemwe tanthauzo lake ndi kutchinga, kuletsa, zosemphana ndi mnzake uja. Anatsalira malo ochepa, mu pasipoti ya ku Britain muli mawu opempha kuti mwini wake adutse "without let or hindrance", komanso pa tenisi mpira woyambira ukakhudza neti nkugwera malo oyenera amakuwa kuti "let" nkubwereza. Liwu limodzi, kulola ndi kuletsa.

Alipo ena otero. "Fast" ndi kuthamanga kwambiri, komanso chinthu chikagwira "fast" ndekuti sichikusuntha nkomwe, komanso ndi kusala kudya. "Left" ndi kumanzere, ndi amene wachoka, ndinso zomwe zatsala, moti amene apita ndi amene atsala onse ndi "left". Koma mfumu yawo ndi "off". Ife tinamutenga nkumupanga wathu, ndili pa ofu lero, aliyense akumva. Eni akewo magetsi akapanga "go off" ndekuti azima, alamu ikapanga "go off" ndekuti yayamba kulira, mkaka ukapanga "go off" wasasa, bomba likapanga "go off" laphulika. Nde mlonda akakuimbira foni usiku kuti alamu yapanga "go off" uyambe wafunsa kuti yazima kapena ikulira musanayambe kukangana.

Tsopano komwe ine timawu timeneti ndimatikonda kwambiri ndi pa mitu ya nkhani mu nyuzipepala. Imani pa Ginnery Corner kaya mu Victoria Avenue mmawa pomwe anyamata ayala The Nation ndi The Daily Times, muwerenge mitu yokhayo osagula ngati mmene timachitira tonse, mupeza Chizungu china chake chomwe palibe munthu amalankhula pakamwa. Chifukwa chake nchosavuta, tsamba ndi lopapatiza ndipo zilembo za mutu nzikuluzikulu, nde mkonzi amasaka liwu lalifupi lomwe lingakwane. Apolisi sagwira munthu ndi "arrest", amapanga "nab". Bwana sachotsedwa ntchito, amapangidwa "axe", nkhwangwa imene ija. Boma likamalingalira chinthu akuti "mull", likamayesa akuti "bid", likalonjeza akuti "vow", likavomereza lapereka "nod" komwe ndi kugwedeza mutu chabe. Kudzudzula kuli ndi mawu ambirimbiri, "rap", "slam", "flay", ndipo "flay" yo tanthauzo lake lenileni ndi kusenda chikopa, nde mukaona kuti bungwe lina lapanga "flay" nduna musathamangire ku chipatala, angoyankhula mokalipa pa msonkhano wa atolankhani.

"Woo" ndimamukonda. Poyamba ndi kufunsira, mnyamata kunyengerera mtsikana mpaka alole, koma mu nyuzi ndi andale kukopa ovota kaya boma kukopa anthu a mabizinesi akunja, ndipo ukaganiza bwino mkonzi sanalakwitse, malonjezo ake ndi amodzimodzi. "Hike" kwa azungu ndi kukwera phiri ngati mmene anthu amachitira ku Michiru kaya ku Soche Loweruka mmawa, koma ife tikaona "hike" pa tsamba loyamba mtima umagunda chifukwa tikudziwa kuti mafuta kaya shuga wakwera. "Row" ndi awiri olembedwa mofanana, wina amatchulidwa ro ndipo ndi mzere kaya kupalasa bwato, wina amatchulidwa rau ndipo ndi mkangano, wa mu nyuzi nthawi zambiri ndi wachiwiriyo. "Ink" ndi kusaina mgwirizano, "eye" ndi kulakalaka chinthu, "woes" ndi mavuto, "ire" ndi mkwiyo, ameneyu sindinamumvepo munthu wamoyo akumutchula.

Kumasamba a mpira ndiye kuli chipwirikiti. Timu ikawina ndi chigoli chimodzi yapanga "edge" kaya "pip" inzake, ikawina zambiri yapanga "rout" kaya "maul", ndipo "maul" ndi mmene chilombo chimakhadzulira nyama, nde mkonzi akapeza mpata woika Maule ndi "maul" pa mzere umodzi tsiku limenelo amagona bwino. Ma Nomads akalepherana ndi wina akuti apangidwa "hold". "Tie" ndi tayi wa pakhosi, ndi kumanga, ndi kufanana mphamvu, ndinso masewero amene a chikho. Munthu amene amawerenga tsamba lakumbuyo tsiku ndi tsiku amadziwa timawu tambiri kuposa mmene iye mwini akuganizira.

Zonsezi nzosangalatsa chabe, koma pali timawu tina tokhudza thumba ndi moyo. "Net" ndi ukonde wa asodzi, ndi neti ya udzudzu, ndi ya pagolo, koma pa pepala la malipiro ndi ndalama yomwe yatsala akadula msonkho ndi zina zonse, ndipo ameneyu ndi liwu lina kotheratu lochokera ku Chifalansa, tanthauzo lake choyera, chopanda zotsalira. Achinyamata ambiri akamalembedwa ntchito yoyamba amamva nambala yaikulu ija nkuyamba kuwerengera lendi ya ku Chitawira, osafunsa kuti imeneyo ndi "gross" kapena "net", mwezi ukatha nkumadabwa. "Due" pa bilu ndi tsiku lomwe ngongole yakwana kulipira. "Void" ndekuti pepalalo lilibenso mphamvu. "Per" ndi pa chilichonse, pa munthu, pa mwezi, ndipo pa ngongole za katapila wa masiku ano kusiyana kwa "per month" ndi "per annum" ndi komwe kumatengetsa anthu mafiriji. "Fine" tinamuimba kuyambira sitandade 1 aphunzitsi akalowa mkalasi, tonse chiimire kuyankha kuti tili "fine", koma wapolisi wa pamsewu akakuuza za "fine" palibe chabwino, ndi faindi imeneyo. "Bail" tinamusandutsa belo, ndipo ambiri amaona ngati munthu akatuluka pa belo mlandu watha pomwe wangololedwa kudikira mlandu ali kunyumba.

Ndipo pali "nil", wochokera ku Chilatini nihil, palibe kanthu. Ku mpira timamudziwa tonse. Koma kuchipatala pamutu pa bedi la wodwala amene akudikira opaleshoni amalemba "nil by mouth", kutanthauza kuti asadye kapena kumwa kalikonse. Nde taganizani gadiyani wachokera ku Bangwe mbandakucha ndi phala la mpunga mu fulasiki, wakwera maminibasi awiri, wapeza m'bale wake milomo ili gwa akupempha madzi, kapepala kali pomwepo koma kwa iye ndi zolembalemba za manesi. Amupatsa ndithu, mwachikondi. Zikatero opaleshoni imatha kuimitsidwa chifukwa munthu akagonetsedwa ndi mankhwala m'mimba muli chakudya amatha kusanza nkutsamwa nazo. Timapepala ngati timeneto ine ndimaona kuti tizilembedwanso m'Chichewa, asadye asamwe, mawu awiri okha.

Timawu tina tinafupika chifukwa cha ulesi wa pakamwa. "Bus" ndi mchira chabe wa omnibus, Chilatini chotanthauza ya onse, dzina lomwe linayamba ku France m'zaka za m'ma 1820 pa ngolo zokokedwa ndi akavalo zonyamula aliyense wolipira. "Van" anaduka ku caravan, "fan" wa mpira ku fanatic, munthu wotengeka mopitirira muyeso, zomwe aliyense amene anakhalapo ku Kamuzu Stadium tsiku la derby angavomereze. "Flu" ndi influenza, "gym" ndi gymnasium, "pub" ndi public house, "zoo" ndi zoological gardens, "bye" anachokera kwa goodbye yemwenso ndi chidule cha mawu odalitsa munthu kuti Mulungu akhale naye. Azungu amadula, ife timawonjezera, chifukwa lilime lathu silifuna liwu lothera pa konsonanti. Nde "cup" ndi kapu, "pot" ndi poto, "bed" ndi bedi, "key" ndi kiyi, "box" ndi bokosi, "gate" ndi geti, "soap" ndi sopo. "Bus" uja atadulidwa bwinobwino ku Ulaya anafika kuno nkukhala basi, nkugundana ndi basi wathu wina uja wothetsa nkhani, moti munthu pa Wenela amatha kunena kuti ndikudikira basi basi.

"OK" ali ndi tsiku lobadwa lodziwika. Anaoneka koyamba pa 23 Malichi 1839 mu nyuzipepala ya Boston Morning Post ku America. Nthawi imeneyo achinyamata ophunzira a ku Boston anali ndi kachizolowezi kolemba mawu molakwika dala nkuwafupikitsa, zomwezi za ana athu pa WhatsApp, nde "all correct" anamulemba "oll korrect" nkukhala O.K. Timawu tinzake ta nthabwala imeneyo tinafa tonse, iyeyu anapulumuka chifukwa cha ndale. Mu 1840 pulezidenti Martin Van Buren ankaimanso pa chisankho, kwawo kunali ku Kinderhook ku New York ndipo ankamutcha Old Kinderhook, omutsatira nkutenga zilembo ziwiri zija kukhala mfuwu wa kampeni. Chisankhocho analuza koma liwu linatsala. Amene anafukula mbiri yonseyi ndi pulofesa Allen Walker Read wa ku Columbia University m'zaka za m'ma 1960. Lero agogo a ku Lunzu amene sanapondepo mkalasi amati oke akamamaliza kuyankhula pa foni.

Tsopano tibwere ku timawu tosadziwika, tomwe simudzatimva pa wailesi kapena kutiona mu nyuzi. Kwawo kwa timeneti ndi pa bolodi ya Scrabble, geimu ija yomwe osewera amapanga mawu ndi zilembo zomwe atola mkathumba, chilembo chilichonse chili ndi mapointi ake. Kwathu ku Zingwangwa kuli madala ena, anali aphunzitsi a Chingerezi anapuma kalekale, Lamulungu masana amatulutsa bolodi pakhonde. Bolodiyo ndi yakale moti pakati anamata ndi selotepu, kathumba ka zilembo ndi sokosi, ndipo E mmodzi anasowa nde anadula kakatoni nkulembapo ndi bolopeni, aliyense akapisa dzanja amakamva kuti aka ndi E uja ndipo amene akumufuna amachita kufufuza ndi zala nkhope ili kumwamba ngati sakudziwa kanthu. Pambali pamakhala buku la mawu ovomerezeka la Collins lopanda chikuto.

Tsiku lina mnyamata wina wa ku koleji, Chizungu chake chakuthwa bwino, anaika liwu lake lalitali lokongola nkupeza mapointi khumi ndi angapo, akumwetulira. Madala aja anangotenga Q, nkumuika pa kabokosi kochulukitsa chilembo katatu pafupi ndi ma I awiri, moti anawerengeka mbali ziwiri, chopingasa ndi chotsika. QI uku, QI uku. Mapointi 62.

"Madala, chimenecho nchiyani? Q wopanda U?"

"Ukutsutsa? Tsegula bukulo mwana wanga, lili pomwepo."

"Koma tanthauzo lake nchiyani?"

"Tanthauzo ukafunse ku China. Lemba 62."

Ndipo sananame, "qi" ndi liwu lochokera ku Chitchaina, mphamvu ya moyo yomwe asing'anga akumeneko amati imayenda mthupi. Mu Scrabble Q ndi Z ali ndi mapointi 10 aliyense, X ndi J ali ndi 8, ndipo mu zilembo 100 za mkathumba ma U alimo anayi okha, nde kaliwu koti kakuchotsere Q mmanja popanda U ndi chuma. Mndandanda wa Collins, womwe umagwiritsidwa ntchito pa mipikisano kunja kwa America ndi Canada, uli ndi timawu ta zilembo ziwiri 127, ndipo wosewera weniweni amatiloweza tonse. "Xu" ndi kandalama kakang'ono ka ku Vietnam. "Xi" ndi chilembo cha Chigiriki. "Zo" ndi chiweto cha ku Tibet, mwana wa ng'ombe ndi yak, chinyama chaubweya chofanana ndi ng'ombe cha kumeneko. "Aa" ndi chiphalaphala cha phiri lophulika chikauma nkukhala chokhakhala, liwu la ku Hawaii. "Za" akuti ndi chidule cha pizza, ngakhale ine ndikukaika ngati alipo analowa mu lesitilanti nkuitanitsa za. Pa zilembo zitatu pali "cwm", chigwa, lochokera ku Wales, lopanda a e i o u ndi mmodzi yemwe.

Chomwe chimandisangalatsa nchoti munthu wa Chichewa akayang'ana mndandanda umenewu amaona ngati ali kwawo. Ko, po ndi mo, timichira tathu tija ta uko, apo, umo, tonse tilimo. "Ko" ndi ndodo yokumbira ya a Maori a ku New Zealand, "po" ndi kapoto kokodzeramo usiku, "mo" ndi kanthawi kochepa. Pa alimo, ndi bambo, mu alimo, ndi chilembo cha Chigiriki, koma ku mulibe, musamuike mudzachotsedwa. Za, ya, la, ka, ta, cha onse ndi ololedwa. "Ka" ndi mzimu wa munthu pa chikhulupiriro cha Aiguputo akale, "ta" ndi zikomo wa ku Britain, "cha" ndi tiyi. Koma wa anamukana. Ee alimo, ndi diso m'chilankhulo cha ku Scotland, ndipo ai naye alimo, ndi kanyama kaulesi ka ku South America kokhala m'mitengo, nde ee ndi ai wathu onse amadya mapointi.

Ta ku Scotland timeneti tilimo tambiri, "jo" wokondedwa, "oo" ubweya wa nkhosa, "ky" ng'ombe, "twa" ziwiri, "wee" chaching'ono, "ken" kudziwa, ndipo ndimaganiza kuti mwina tina mwa iti tinamvekapo pa HHI apa kale ife tisanabadwe, poti mishoni ya Blantyre inayambitsidwa ndi a Church of Scotland mu 1876 ndipo dzina la mzinda wathu ndi la kwawo kwa David Livingstone. M'modzi wa amishoni amenewo, David Clement Scott, yemwe anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels, ndi amenenso analemba dikishonale ya Chimang'anja yomwe inatuluka mu 1892, nde iwo ankatola mawu athu ife tisanayambe kutola awo.

Pali tina tosadziwika koma zinthu zake timaziona tsiku lililonse. Kachitsulo kosongoka kaja osoka nsapato mu Haile Selassie Road amabowolera soli ndi "awl". Kasemasema wa osema mitondo ndi ziboliboli ndi "adze". Dzira la nsabwe ndi "nit". Nkhosa yaikazi ndi "ewe", imalembedwa ngati mukuitana mwana koma imatchulidwa yu. Nyumbu ndi "gnu", g wake satchulidwa. Khola la nkhumba ndi "sty", ndipo kachotupa ka pachikope nakonso ndi "sty". Amenewa ine ndimaona kuti ndi ofunika kuwadziwa kuposa ma "xu" aja, chifukwa "xu" ukachoka pa bolodi alibenso ntchito.

Ndipo osewera akuluakulu sabisa kuti matanthauzo alibe nawo ntchito. Nigel Richards wa ku New Zealand anawina mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa mu 2015 asakuyankhula Chifalansa, anangoloweza buku la mawu kwa masabata ochepa. Chaka chomwecho ku Perth ku Australia, Wellington Jighere wa ku Nigeria anakhala munthu woyamba wa mu Africa kuwina mpikisano wa dziko lonse wa Chizungu, kugonjetsa mzungu wa ku Britain mu ndime yomaliza, ndipo anthu a ku Nigeria amadziwika ndi kaseweredwe kokonda mawu aafupi kuti mnzawo asapeze potsegukira. Geimuyi anaiyambitsa ndi Alfred Butts, wojambula mapulani a nyumba wa ku America yemwe ntchito inamuthera m'zaka za m'ma 1930, ndipo dzina loti Scrabble linabwera mu 1948. "OK" ndi kutchuka kwake konse kuja Collins anamuvomereza mu 2019, "aa" ndi "zo" alimo kalekale.

Madala aja ali ndi liwu limodzi lomwe akhala akulidikira zaka zonsezi. Ndalama zathu, zomwe zinayamba mu 1971 kulowa mmalo mwa paundi, zonse ziwiri zili m'bukumo. KWACHA payekha amapereka mapointi 18. TAMBALA amangopereka 11, koma ali ndi zilembo zisanu ndi ziwiri ndendende, ndipo ukatsitsa zilembo zako zonse kamodzi amakuwonjezera 50. Vuto nlakuti pamafunika ma A atatu, M, B, T ndi L zikumane mdzanja limodzi. Akuti tsiku lomwe zidzatheke adzagulira aliyense amene ali pakhondepo Fanta, ndipo anyamata ayamba kale kusunga ma A dala kuti asawafike.